MLAMBE NDI ANANSI AKE

Munthu wochokera ku Zomba kupita ku Kachulu amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 30, kutsika kuchokera m'tsinde mwa phiri mpaka kukafika pa chigwa chotentha cha Nyanja ya Chilwa. Akaima padoko nayang'ana kum'maŵa, amaona chilumba cha Chisi, chimene mwa zina chimadziŵika ndi milambe yake ikuluikulu. Asodzi, amalonda a nsomba ndi opalasa mabwato amaidutsa mitengoyi tsiku ndi tsiku osaicheukira, pakuti chinthu chimene munthu wabadwa nachipeza sichimdabwitsa.

Komabe kumpoto chakumadzulo, kuseri kwa mapiri a ku Machinga, kuli nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, kumene alendo ochokera kutsidya la nyanja amalipira ndalama zochuluka kuti agone usiku umodzi pansi pa mtengo womwewo. Mlambe wa ku Mvuu Camp ndi mlambe wa ku Chisi ndi mtundu umodzi. Nanga mlendoyo amalipirira chiyani? Yankho lake ndi lakuti ku Liwonde mlambe ukali pamodzi ndi anansi ake: njovu, anyani, mileme, njuchi ndi mbalame. Ku Chilwa ambiri a anansiwo adapita kale, ndipo mtengowo udatsala ngati nkhalamba imene ana ake onse adasamuka pamudzi. Tsono funso loyenera kuti aphunzitsi ndi achinyamata alilingalire ndi ili: kodi mlambe ungathe kupitiriza mbumba yake uli wokha?

Mtengo wodabwitsa

Akatswiri a zomera amautcha mlambe Adansonia digitata, potsata dzina la Mfalansa Michel Adanson, amene adauona ku Senegal m'chaka cha 1749. Padziko lonse pali mitundu 8 ya milambe: umodzi kuno ku Afrika, umodzi ku Australia, ndipo 6 pa chilumba cha Madagascar. Kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2024 adaonetsa kuti banja lonseli lidayambira ku Madagascar komweko.

Thunthu la mlambe ndi nkhokwe ya madzi. Mtima wake ndi wofeŵa, wa ulusiulusi, ndipo umamwa madzi m'dzinja nuwasunga kufikira malimwe. M'chilimwe umayoyola masamba onse kuti usataye chinyezi, n'chifukwa chake kwa miyezi yambiri umaoneka ngati mtengo wozondoka, mizu kumwamba. Mitengo yambiri ukaisenda khungwa kuzungulira imauma, koma mlambe umameranso khungwa latsopano. Makolo adachidziŵa ichi, ndipo ankafundula luzi lake kupotera zingwe ndi maukonde popanda kuupha. Makoko a zipatso zake ankawatentha kuchezera chidulo, ufa wa malambe ankauthira m'phala, ndipo masamba anthete ankasanduka ndiwo m'madera ena.

Pali chinthu chimodzi chimene mlambe sungapereke, ndicho nkhuni zabwino. Suyaka bwino, sutulutsa makala, supereka matabwa, ndipo wosema bwato saufuna. Ichi ndicho chaupulumutsa ku Kachulu. Matemba, makumba ndi milamba ya m'Chilwa zadya mitengo yosaŵerengeka pa ntchito yoŵamba nsomba, kufikira kuti nkhuni zimachokera kutali, koma nkhwangwa yakhala ikuulambalala mlambe. Wapulumuka osati chifukwa cha kukondedwa, koma chifukwa chakuti ng'anjo siufuna.

Usiku umodzi pa kampu

Nkhalango ya Liwonde idakhazikitsidwa m'chaka cha 1973, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 548, gawo lalikulu lili kum'maŵa kwa mtsinje wa Shire. M'katimo ndi m'malire mwake muli malo ogona alendo angapo, monga Mvuu Camp m'mphepete mwa mtsinje ndi Liwonde Safari Camp chakumwera, kufupi ndi phiri la Chinguni. Makampu oterewa amayesa kutsata mwambo umodzi: munthu ndiye mlendo, nyama ndi mitengo ndizo eni mudzi. Nyumba zimakhala za matenti kapena za udzu, zomangidwa mozemba mitengo m'malo moigwetsa. Mlendo saloledwa kudyetsa anyani, kuthyola nkhuni kapena kuyendayenda yekha usiku, pakuti mvuu zimatuluka m'madzi kudzadya msipu pakati pa matenti, ndipo njovu siigogoda ikafuna kudutsa.

Amene wakhala tsonga pansi pa mlambe kuyambira madzulo amaona mudzi wathunthu. Chakumayambiriro kwa mvula, dzuŵa likangoloŵa, maluŵa oyera aakulu ngati dzanja la munthu amamasula, natulutsa fungo limene munthu sakondwa nalo koma mileme yodya zipatso imalimva ili kutali. Mleme umadzakoloŵeka pa duŵa kumwa timadzi take, nuchoka utadzola mungu pachifuwa, nukausiya pa duŵa la mtengo wina. Agulugufe akuluakulu a usiku amathandizanso ntchitoyi. Duŵalo limakhala ndi moyo usiku umodzi wokha. Pofika tsiku lotsatira lafota. Kotero chikho chilichonse cha madzi a malambe chimene mwana amamwa pamsika chidayamba ndi ulendo wa kanyama kamene ambiri amakaponya miyala.

M'mphako za thunthu mumagona akadzidzi ndi achanga, ndipo njuchi zimamangamo zisa. Pa milambe yambiri yakale pakali zipsera za zikhomo zimene ofula uchi ankakhoma kuti akwerepo. Kukacha anyani amakwera kukathyola malambe, naswa makoko, ndipo zimene agwetsa amatola njiri ndi nswala. Njovu imadya chipatsocho pamodzi ndi nthanga zake. Nthanga ya mlambe ili ndi chikopa cholimba kwambiri, kotero kuti ikangogwa pansi pa make ikhoza kukhala nthaŵi yaitali osamera. Koma ikadutsa m'mimba mwa njovu chikopacho chimafeŵa, ndipo imakagwa kutali, m'kati mwa ndowe zimene zimasanduka manyowa ake. Njovu ndi mlimi amene amadzala osadziŵa.

Bwenzi likasanduka mdani

Ubwenzi umenewu uli ndi malire. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, msipu utauma, njovu imabaya thunthu la mlambe ndi minyanga yake, nisenda khungwa, nitafuna mtima wofeŵawo chifukwa cha madzi ake. Kale njovu zinkayenda mitunda italiitali, ndipo mtengo wovulazidwa unkapeza zaka zakuti upole zisanabwerenso. Lero nkhalango zazingidwa ndi midzi ndi minda. Njovu zikachuluka pa malo ochepa zimabwerera pa mtengo womwewo chaka ndi chaka, mpaka chimphona cha zaka mazanamazana chimagwa, ndipo patapita miyezi yoŵerengeka pamatsala mulu wa ulusi. Ku Gonarezhou ndi ku Mana Pools m'dziko la Zimbabwe, osamala nkhalango afika pokulunga milambe ina ndi mawaya kuti aitchinjirize.

Pamene bungwe la African Parks lidayamba kuyendetsa nkhalango ya Liwonde mogwirizana ndi Dipatimenti ya Nkhalango ndi Nyama Zakuthengo m'chaka cha 2015, lidapeza mavuto aŵiri. Loyamba linali misampha: alonda adatola makhwekhwe a waya oposa 40,000. Lachiŵiri linali njovu zoposa 800 zimene zinkatuluka kukadya m'minda ndi kupha anthu. Bungweli lidamanga mpanda wamagetsi kuzungulira nkhalango. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo m'chaka cha 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Nyama zimene zidatha zidabwezeretsedwa: akakwiyo mu 2017, mikango mu 2018, ndi mimbulu mu 2021. Mu 2019 zipembere 17 zidafika kuchokera ku South Africa kudzaonjezera zochepa zimene zinalipo.

Ntchitoyi njotamandika, koma sinali yopanda misozi. Mpanda umene udatsekereza njovu udatsekerezanso msodzi, wotola nkhuni ndi womweta udzu, amene makolo awo ankadya za m'thengo lomwelo. Ndipo anthu okhala m'malire a nkhalango ya Kasungu, a ku Malaŵi ndi a ku Zambia omwe, adadandaula kuti njovu zitafika kumeneko minda idaonongeka ndipo ena adataya miyoyo. Kampu yosamala chilengedwe, tsono, siyesedwa ndi kukongola kwa matenti ake kokha. Iyesedwa ndi kuchuluka kwa ana a m'midzi yoyandikana amene yawalemba ntchito, ndi ndiwo zimene imagula kwa alimi a pafupi, ndiponso ndi ana a sukulu amene yawalola kuloŵa kuti akaone njovu ndi maso awo. Apa Mvuu Camp yachitapo kanthu kudzera m'ntchito ya Children in the Wilderness, imene imatenga ana a m'midzi kukagona pa kampu ndi kuphunzira za chilengedwe. Kunja kwa mpanda alimi ena alimbikitsidwa kuŵeta njuchi ndi kulima tsabola, mbewu imene njovu siikonda.

Zimene Chilwa idataya

Ambiri sadziŵa kuti Chilwa idatsogola pa nkhani yoteteza nyama Liwonde isanaganiziridwe n'komwe. David Livingstone adafika pa nyanjayi m'mwezi wa Epulo 1859, ndipo m'chaka cha 1897 boma la atsamunda lidakhazikitsa malo aŵiri oyamba osungirako nyama m'dziko muno: dambo la Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire, ndi dera la ku Nyanja ya Chilwa. Ichi chokha chikuchitira umboni kuti chigwachi chinali ndi nyama zochuluka. Malamulo a nthaŵi imeneyo ankakondera mzungu wa mfuti nalanga mwini dziko wa uta ndi ukonde, motero sadazike mizu m'mitima ya anthu. Malowo adathetsedwa, anthu adachuluka, madambo adasanduka minda ya mpunga, ndipo nyama zikuluzikulu zidatha. Chitsime chimadziŵika kuya chikaphwa.

Mwambiwu ngwoona ku Chilwa kuposa kwina kulikonse. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira kuchokera ku Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina, ndipo imataya madzi ake ku dzuŵa. Popeza njosaya, mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga idachitira mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso mbali yaikulu mu 2018, pamene mabwato adakhala pamatope ndipo anthu ankapita ku Chisi wapansi. M'zaka zotere, nsomba zikasoŵa, anthu amatembenukira ku mbalame, ku nkhuni ndi ku zipatso zakuthengo. Milambe ya ku Chisi yaona nyanja ikupita ndi kubwera kambirimbiri, ndipo m'zaka zanjala ndiyo nkhokwe imene sifuna kupalira.

Chuma cha nyama chimene chatsala ku Chilwa ndi mbalame. M'mabango ndi m'njedza mumakhala atsekwe, abakha a m'madzi, akakoŵa, avuwo ndi mitundu ina yoposa 150, kuphatikizapo zimene zimathaŵa chisanu ku Ulaya ndi ku Asia chaka chilichonse. Chifukwa cha zimenezi, Chilwa idakhala malo oyamba m'Malaŵi kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO lidaiika m'gulu la malo osungirako chilengedwe amene anthu amakhalamo. Osaka mbalame nawonso adapanga magulu awo, nagwirizana zopatula malo ena oswanirana ndi nyengo yoleka kusaka.

Ana a mlambe ali kuti?

Mtengo wokhalitsa umanyenga maso. Munthu akaona milambe khumi itaima njo amayesa zonse zili bwino, osadziŵa kuti mwina wamng'ono pa yonseyo udamera agogo a agogo ake asanabadwe. Mudzi wa nkhalamba zokhazokha umaoneka wodzaza kufikira tsiku limene maliro ayamba kutsatizana.

Ndipo maliro adayamba kale. M'chaka cha 2018 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Adrian Patrut lidafalitsa zotsatira za ntchito yoyeza zaka za milambe ikuluikulu ya mu Afrika. Lidapeza kuti pa milambe 13 yakale kwambiri, 9 idafa yonse kapena mbali zake zakale m'zaka 12 zokha. Pakati pake panali mlambe wa Panke ku Zimbabwe, umene unali ndi zaka zoposa 2,400. Mlambe wa Chapman ku Botswana, umene unali chizindikiro cha apaulendo, udagwa mu 2016. Akatswiriwo adakayikira kutentha ndi chilala, ngakhale ena atsutsa kuti mtunduwu wonse suli pangozi yoti nkutha. Chimene onse amavomerezana n'chakuti nkhalamba ikagwa pafunika mwana woloŵa m'malo mwake.

Ku Venda, kumpoto kwa South Africa, Sarah Venter adafufuza nkhani imeneyi napeza kuti nthanga zimamera ndithu, koma mbande zambiri zimafa zikali zanthete chifukwa cha mbuzi ndi kuchepa kwa mvula. Aliyense wodziŵa midzi ya m'mbali mwa Chilwa angathe kuonjezerapo moto wolusa, khasu la mlimi, ndi ana amene amakumba muzu wa mbande chifukwa umadyeka. Pali vuto linanso. Mlambe waung'ono sufanana ndi make: tsamba la mtengo waukulu limagaŵikana ngati zala za dzanja, pamene la mbande limakhala limodzi losagaŵikana. Wopalira m'munda amaudula osadziŵa kuti wadula chiyani.

Msika nawonso wasintha zinthu. Kale malambe anali chakudya cha ana ndi abusa. M'zaka za m'ma 1990 anthu a kwa Kam'mwamba ku Neno, mothandizidwa ndi bungwe loona za nyama ndi chilengedwe limene lero limatchedwa WESM, adayamba kupanga chakumwa cha malambe cha m'mabotolo. M'chaka cha 2008 maiko a mu European Union adavomereza ufa wa malambe kugulitsidwa monga chakudya, pozindikira kuti uli ndi vitamini C wochuluka. Lero malambe amapita m'mizinda m'matumba, ndipo amayi ambiri amalipira fizi ndi mafirizesi ake. Ichi n'chabwino, pakuti mtengo wobweretsa ndalama umapeza mwini wousamala. Koma thumba lililonse lopita ku Blantyre limatenga nthanga zake, ndipo nthangazo zimakathera kudzala la m'tauni. Njovu inkadya ndi kudzala. Munthu akudya osadzala.

Ntchito ya mphunzitsi ndi wotsiriza sukulu

Palibe munthu wanzeru angafune kuti njovu zibwerere m'minda ya mpunga ya ku Kachulu. Koma ngati munthu walanda malo a njovu, ayenera kulandiranso ntchito yake. Ntchitoyo siifuna ndalama zambiri.

Choyamba ndi kuŵerenga. Kalasi imodzi, kapena kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu, ikhoza kuyenda m'mudzi ndi chingwe choyezera, kulemba mlambe uliwonse, kukula kwa thunthu lake, ndi dzina limene anthu amautchula. M'ntchito yomweyo muli masamu, sayansi ndi mbiri, pakuti akuluakulu adzafotokoza milandu imene idaŵeruzidwa pamthunzi pake ndi nsembe zimene zidathiridwa patsinde pake. Ophunzira akapeza ikuluikulu yokhayokha popanda yaing'ono, adzakhala atadziŵa okha chimene buku silikadawauza.

Chachiŵiri ndi kufesa. Nthanga aziviika m'madzi otentha ndi kuzisiya usiku wonse, kapena azipale pang'ono chikopa pamwala, kenaka azifese m'machubu. Mbande ikadzalidwa ifunika kampanda ka minga kapena ka njerwa kwa zaka zingapo, kufikira itapitirira msinkhu wa mbuzi. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo palibe lamulo lakuti idzalidwe bulugamu ndi kesha yokha. Mlambe wa nthanga umachedwa kubala, koma akatswiri aonetsa kuti womezanitsa ndi nthambi ya mtengo wobala kale umayamba kupatsa zipatso m'zaka zochepa.

Chachitatu ndi kusiya mileme ndi akadzidzi pamtendere. Mantha amene anthu ali nawo pa zolengedwa za usikuzi amawonongetsa antchito osalipidwa, wina wobereketsa malambe, wina wodya makoswe.

Nanga kampu ya alendo ingatheke ku Kachulu? Zokopa zilipo: mbalame, nyumba zoyandama za asodzi zotchedwa zimbowera, ulendo wa pabwato, ndi miyala yachilendo ya ku Chisi, imene akatswiri a miyala akhala akuiphunzira kuyambira masiku a Frank Dixey m'zaka za m'ma 1930. Zopinga ziliponso: nyanja yosakhazikika, likodzo ndi kolera, ndiponso kusoŵa kwa malo aukhondo. Wachinyamata asanyengedwe kuti alendo adzabwera maŵa ndi matumba a ndalama. Koma adziŵe kuti chimene mlendo amalipira ku Liwonde si nyama yokha ayi. Amalipiranso munthu woidziŵa, amene angathe kutchula mbalame pongomva kulira kwake ndi kufotokoza chifukwa chake duŵa la mlambe limamasula usiku. Nzeru imeneyo sifuna mpanda wamagetsi. Imayamba ndi kope, pensulo, ndi kukhala pansi kufunsa msodzi wachikulire.

Wodzala mlambe sadzauona utakula. Ngakhale mdzukulu wake adzauona ukali wachinyamata. N'chifukwa chake ntchitoyi iyenera sukulu koposa munthu mmodzi, pakuti mphunzitsi amasamutsidwa, ophunzira amatsiriza, koma bwalo la sukulu limakhalapobe, ndipo chaka chilichonse pamabwera ana atsopano oti athirire. M'mera m'poyamba.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za mbalame za m'Chilwa ndi magulu a anthu amene amazisaka.